Masiku Atatu Kumbuyo kwa Ahedi

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwadzaza kumbuyoko, ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye wathu. Mundikhululukire, ndiyankhula nditatsamira benchi iyi, mwendo wakumanzerewu sunayambe kundimvera bwinobwino. Mpando ayi, abusa, zikomo. Miyezi iwiri yapitayi ndakhala pansi mokwanira.

Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Mukundidziwa, ine si munthu wa mawu ambiri m'tchalitchi muno. Ndimabwera, ndimamva, ndimapita. Kukuwa sindidziwa, kulira pagulu sindidziwanso, ndiye amene mukuyembekezera zimenezo pepani. Ndingonena zimene zinachitika, m'mene zinachitikira. Kwa inu alendo, ine ndine Mbewe, ndimalima mtedza ndi chimanga kuno ku Chiosya.

Mukukumbukira kuti mipingo ingapo ya m'boma lino inagwirizana zoti pakhale ulendo wa njinga wa masiku asanu. Kunyamuka pa boma Lolemba, kudzera ku Santhe, Kasungu, Mponela, Lilongwe, n'kubwerera Lachisanu. Cholinga chinali choti anthu akationa panjira, akamva pa wailesi, athandize kumanga chidikiro pa chipatala chathu chaching'ono chija, nyumba yoti amayi oyembekezera ochokera kutali azidikiriramo masiku awo akayandikira. Kalata itawerengedwa muno, woyamba kukweza mkono ndinali ine. Ena munati a Mbewe ali ndi mtima wabwino. Dikirani kaye, mumve.

Njinga ndinayamba kupalasa ndisanamere ndevu. Matumba awiri a mtedza pa kaliyala mpaka ku Kamwendo, kwa ine ndi ulendo wa m'mawa chabe. Ku Chipata ndapitako n'kubwera tsiku lomwelo. Ndipo pali chinthu chimene amene mwayendapo nane mukuchidziwa: sindilola kupitiriridwa. Munthu akandidutsa pa njinga, kaya ndi mnyamata, kaya alibe katundu, ndimamuthamangitsa mpaka ndimudutsenso. Anthu amaseka, amati ndi nthabwala za a Mbewe.

Lolemba lija tinakumana pa boma. Ambiri anali anthu a m'maofesi, aphunzitsi, a kuchipatala. Njinga zawo zamagiya, zopepuka zoti mungathe kunyamula ndi zala ziwiri. Zipewa zolimba kumutu, makabudula othina ngati avala khungu lina. Ine ndinali ndi njinga yanga yakuda yomwe ija, thalauza langa la kumunda, ndi mpope womangirira ndi legeni.

Pagulupo panali bambo wina wamkulu thupi, mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Guilleme. Kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo watsala pang'ono kupuma pa ntchito. Aliyense ankangoti ahedi. Njinga anachita kubwereka kwa mlamu wawo. Pokwera anayesa kawiri, kachitatu ndiye anakhazikika. Ine ndinanena mokweza, kuti onse amve, "Awa tikawasiya pa Kamwendo."

Anthu anaseka. Iwonso anamva, anasekanso. Anangoti, "Mwina, bambo. Tiona."

Magalimoto anali awiri. Lole ya zikwama ndi mapoto inkatsogola. Kumbuyo kunali galimoto yaing'ono, m'menemo muli dalaivala ndi anesi, Mayi Chikopa, a ku Thyolo koma akugwira ntchito pa boma. Lamulo linali limodzi: galimoto ya anesi iziyenda kumbuyo kwa munthu womaliza, pasapezeke wotsala yekha panjira.

Tsiku loyamba ndinafika pa Santhe woyamba. Ndinasamba, ndinachapa malaya, anauma. Ahedi anatulukira dzuwa litapendeka kwambiri, galimoto ikukwawa kumbuyo kwawo ngati ikuperekeza maliro. Mawu amenewonso ndinawanena mokweza.

Lachiwiri m'mawa, titachoka pa Santhe, tinafika pamalo otsetsereka. Mmodzi wa a magiya aja anandidutsa ngati mphepo. Ndinaweramira pa mahandulo, ndinamulondola. Kutsogolo kunkabwera thiraki, yadzaza msewu. Ndinapatukira kumphepete, kumene phula linadyeka n'kusiya mano. Tayala lakutsogolo linalowa mumchenga. Njinga inaima, ine sindinaime. Bondo ili linakamenya pa mano a phula aja.

Ndinamva kuti thwa, mkati. Amayi awiri ogulitsa tomato anakuwa, "Mayo, pepani bambo!" Ine choyamba chimene ndinachita si kuyang'ana bondo. Ndinayang'ana kumbuyo, kuti anzanga andiona kapena ayi. Kunalibe munthu. Ndinadzuka, ndinamanga mpango pachilonda, ndinakulunga ndi legeni, ndinatsitsa thalauza. Mahandulo anali atapotoka, ndinawawongola. Ndinakwera.

Pamalo omwera madzi anesi anaona magazi pa thalauza.

"Bambo Mbewe, apo pachitika chiyani?"

"Ndangosupuka pang'ono, mayi."

"Tione."

"Tikaona ku Kasungu, anzanga akundisiya."

Ndinanama, abale, ndipo ndinanama nkhope ili gwa. Kuchokera pamenepo ndinkapalasa ndi mwendo umodzi, winawu ukungozungulira nawo. Anthu anayamba kundidutsa, mmodzimmodzi. Aliyense akadutsa ndinkaluma mano n'kukankha, bondo n'kumayankha. Chakumasana sindinkaonanso mitengo kapena nyumba, ndinkangoona mzere woyera wa pamsewu.

Ku Kasungu anatilandirira pabwalo la tchalitchi china. Amayi a kumeneko anaima mizere iwiri, akuimba, akuwomba m'manja. Ndinalowa pakati pawo, ndinagwira mabuleki, ndinaponda pansi. Mwendo unakana. Ndinagwa pamaso pa amayi onse aja, njinga pamwamba panga. Nyimbo inaduka.

Anesi anang'amba thalauza ndi sizasi. Bondo linali ngati papaya, legeni italowa m'mnofu.

"Mwagwa nthawi yanji?"

"M'mawa."

"Ndiye tsiku lonseli mwapalasa pa bondo ili?"

Iwo akuchotsa mpango uja anati, "Ana a kusikelo amakuposani, bambo. Iwo kukawawa amalira, ife n'kudziwa pogwira."

Madzulo omwewo ananditengera kuchipatala. Anajambula mwendo. Dokotala anandionetsa chithunzi: kafupa kozungulira ka pabondo kanali katang'aluka. Anati ndikanaima m'mawa muja unali mng'alu waung'ono, koma kupalasa kuja kunautsegula. Chilonda anasoka, mwendo anauika chikhakha kuyambira m'ntchafu mpaka pa kakolo. Ndinafunsa kuti njinga ndidzakwera liti. Anati, "Tiyambe taganiza zoyenda."

Otsogolera ulendo anandipatsa njira ziwiri. Andikweze minibasi ndibwerere kwathu, kapena ndikhale m'galimoto ya anesi mpaka Lachisanu. Ndinasankha galimoto. Musaganize kuti chinali chikondi cha pa anzanga. Anali manyazi. Ndikanafika bwanji kuno Lachitatu, mudzi wonse ukudziwa kuti a Mbewe abwera Lachisanu ali patsogolo?

Ndiye Lachitatu m'mawa anandikhazika pa mpando wakumbuyo, chopingasa, mwendo utatambasuka. Njinga yanga anaimangirira kumbuyo kwa galimoto. Ndipo mwamva kale lamulo lija. Galimoto imeneyi imatsata munthu womaliza. Womaliza anali ndani? Eya. Mwaseka, sekani, nanenso pano ndimaseka.

Masiku atatu ndinayang'ana msana wa ahedi. Panalibenso china choti ndiyang'ane. Unali mwezi wa Julaye, mwera ukuwomba kuchokera kumene tinkapita. Malaya awo ankafufuma ngati thumba. Pa chitunda chilichonse ankatsika, n'kumakankha. Akafika pamwamba ankaima, kupuma, kupereka moni kwa aliyense wodutsa, n'kukweranso. Osadandaula. Osayang'ana kumbuyo. Dalaivala ankayasamula, ine mtima ukuwira. Ndinkati mumtima, Ambuye, miyendo munandipatsa ndinu, ntchito iyi ndi yanu, ndiye mwathyola wodziwa kupalasa n'kusiya awa? Pemphero langa la tsiku limenelo linali limenelo. Lina ndinalibe.

Chakumasana, dalaivala atatsika kukagula nthochi, anesi anatembenuka.

"Bambo Mbewe, ine ndaona odwala ambiri. Amuna obisa matenda ndawaona. Koma inu dzulo simumabisa chabe. Mumathamangira chiyani?"

Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Mwina mankhwala aja. Mwina poti anali mlendo, wa kutali, woti sindidzakumana naye pa chigayo. Ndinawauza nkhani imene ndikuuzeni tsopano. Akuluakulu ena muno mukuidziwa pang'ono. Achinyamata simukuidziwa. Mayi a kunyumba kwanga, a Nabanda, akhala apo, andilola kuti ndiinene.

Papita zaka makumi awiri ndi ziwiri. Tinali ndi mwana mmodzi, a Nabanda ali ndi pakati pachiwiri. Unali mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osakata. M'mawa wina anandiuza kuti nthawi yakwana. Nthawi imeneyo tinkakhala kumudzi kwawo, mbali ya kwa Dambe, kutali ndi chipatala. Ndinapinda bulangete pa kaliyala, ndinawakweza, tinanyamuka. Msewu unali phala. Tcheni chinagwa kawiri. Pa kamtsinje kena madzi anali atakwirira mlatho, ndinawabereka kumsana kuwaolotsa, n'kubwerera kukatenga njinga. Tinafika dzuwa lili pamutu. Mwana anabadwa, koma sanalire. Azamba atatuluka anangondiuza kuti, "Mukanafika msangako."

Mwambo wathu mukuudziwa. Mwana wotero timati mtayo. Salira maliro, sakhoma bokosi, amakaika ndi amayi okhaokha. Mwamuna safunsa. Ine sindinafunse. Ndinabwerera kunyumba, ndinakonza tcheni, m'mawa mwake ndinapita kumunda kukabandira. Mulungu anatipatsa ana ena awiri pambuyo pake. Za tsiku limenelo m'nyumba mwathu sitinayankhulepo, ngakhale kamodzi.

Koma mawu aja anakhala. Mukanafika msangako. Ndikakwera njinga ankabwera. Munthu akandidutsa ankabwera. Ndinkawerenga njira ija m'mutu: pakuti ndikanapanda kutsika, pakuti ndikanakankha kwambiri, tcheni ndikanachimanga dzulo lake. Ndiye kalata ya chidikiro itawerengedwa muno, mkono unakwera wokha. Sindinkaganiza za amayi a mawa. Ndinkafuna kufika msanga, kamodzi kokha, penapake.

Nditamaliza, anesi sanandilalikire. Anangofunsa kuti, "A kunyumba munawauzapo zimenezi?"

Ndinati, "Akudziwa. Analipo."

"Pa njinga analipo. M'mutu mwanumo munalibe iwo."

Anandipatsa mapilisi awiri ndi madzi. Dalaivala anabwera ndi nthochi, tinapitiriza.

Lachinayi, kuchoka pa Mponela, ndinadzuka mkwiyo utachepa. Osati chifukwa cha kupemphera, ayi. Munthu umangotopa nawo. Ndipo ukayang'ana chinthu chimodzi nthawi yaitali umayamba kuchiona. Ndinaona kuti mawondo a ahedi akutuluka m'mbali ngati a chule. Chishalo chinali chotsika kwambiri. Masiku atatu onse munthu uja ankapalasa atakhala ngati pa mpando wa ndalema, ndipo palibe anamuuza.

Ndinauza dalaivala kuti aimbe hutala. Ahedi anaima, anabwera pa zenera, thukuta lili chuchuchu.

"Ahedi, kokerani njingayo kuno. Ndipatseni sipanala."

Ndinakweza chishalo ndili chikhalire, chitseko chili chotsegula. Atakwera n'kupalasa pang'ono, anatembenuka n'kukuwa, "A Mbewe! Mwandipatsa miyendo ina!"

Kuyambira pamenepo ntchito inandipeza. Pamalo opumira ankandiyalira mphasa pansi pa mtengo, mwendo uli tambalale, anthu a magiya aja n'kumabwera pamzere. Uyu chubu chaphulika, uyu mabuleki akukhuza, uyu sipoko yamasuka. Ambiri a iwo kumata chubu sankadziwa. Amene anandidutsa pa chitsetse uja anabweranso, tayala lili phwa. Ndinamumatira. Sanadziwe n'komwe kuti ndinagwa ndikuthamangitsa iye, ndipo sindinamuuze.

Panjira ndinkasenda nthochi n'kumawapatsira ahedi pa zenera, galimoto ikuyenda pambali pawo. Pa chitunda china chachitali tisanafike ku Lumbadzi, akukankha, ndinawafunsa.

"Bwanji osangokwera galimoto pa zitunda zokhazi? Palibe angadziwe."

Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Ana a sukulu yanga anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndinawauza kuti ndikafika. Sindinawauze kuti ndikafika woyamba."

Tinayenda pang'ono. Ndinati, "Ahedi, ndinakunyozani pa boma paja."

"Ndinamva."

"Mundikhululukire."

"Aa, munanena zoona. Pa Kamwendo ndinaima n'kuyang'ana minibasi yobwerera. Kungoti inali yodzaza."

Tinaseka, dalaivala yemwe. Kanali koyamba kuseka chigwereni.

Lachisanu linali tsiku lobwerera kuno. Titadutsa Namitete, tinangomva kuti khwatcha. Kachitsulo kosinthira magiya pa njinga ya ahedi, kamene kamalendewera ku tayala lakumbuyo, kanalowa m'masipoko n'kuthyoka, n'kuthyolanso masipoko anayi. Tayala linapindika. Anandibweretsera pa chitseko, ndinayang'ana, ndinapukusa mutu. Zimenezo si za legeni ndi sipanala.

Ahedi anakhala pansi m'mphepete mwa msewu. Anavula chipewa chija, anachiika pa bondo. Anati, "Basi. Zathera pano." Anesi anatsegula chitseko chakutsogolo kuti alowe.

Abale, njinga yanga sikwera munthu wina. Ana anga ali muno, afunseni. Ngakhale kupita nayo pa chigayo pompa, ayi. Ndinakhala m'galimoto muja, ndikumva ahedi akudzuka, akusasa fumbi. Mumtima munali mawu awiri. Ena ankati, iwe sunamalize, iyenso asamalize, mufanane. Ndikunena monga zinalili. Mawu amenewo analipo, ndipo anali okoma.

Ndinati, "Adalaivala, masulani njinga yangayo."

Ahedi anaiyang'ana. "A Mbewe, iyi ilibe magiya. Ndi yolemera ngati ngolo."

"Ndi yolemera, koma siithyoka. Pa chitunda muzitsika monga mwa masiku onse. Buleki yakutsogolo musaikhulupirire. Kwerani."

Anakwera. Ndinaona njinga yanga kumbuyo kwake koyamba m'moyo wanga. Sindinkadziwa kuti tayala lakumbuyo limavina pang'ono.

Tinayenda pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Pa Kamwendo anaima, anayang'ana kumene kumaima maminibasi, anandiyang'ana ine, tinaseka, anapitiriza. Kuchokera pamenepo miyendo yawo inkanjenjemera, ndinkaiona. Kawiri anatsika ngakhale pamalo osakwera. Ine ndinatulutsa mutu pa zenera n'kumawauza njira, poti msewu umenewu ndimaudziwa ngati munda wanga. Apa kankhani, kutsogoloku n'kotsetsereka. Apa pumani, kwatsala chitunda chimodzi.

Titayandikira boma tinapeza anzathu onse ataima pambali pa msewu. Anafika kalekale, koma anakana kulowa. Anawaika ahedi patsogolo, onse n'kulowa pamodzi. Ena a inu munalipo. Munaona njinga yakuda ikubwera patsogolo, munayamba kukuwa, "A Mbewe! A Mbewe!" Itayandikira munapeza kuti a Mbewe amera mimba. Ine ndinafika pambuyo pa onse. Ananditsitsa amuna anayi, ngati thumba la feteleza.

A Nabanda anali pomwepo. Anayang'ana chikhakha, anandiyang'ana kumaso. Anati, "Mwadya?" Basi.

Tsopano mvetserani, chifukwa umboni wanga weniweni uli apa.

Masabata asanu ndi limodzi ndinakhala pakhonde. Munthu amene sindinkatha kukhala pakhomo tsiku lathunthu. Kusamba, ondithandiza. Kupita kuseri, ndodo ziwiri. Masiku oyamba ndinkakalipira aliyense, nkhuku zomwe. A Nabanda anangobweretsa thumba la mtedza n'kuliika pambali panga. Anati, "Manja ndi abwinobwino." Ndiye tinkakhala awiri, lichero pakati, tikusenda.

Funso la anesi lija silinandichoke. M'mawa wina, ana atapita kumunda kukasosa, ndinayamba. Ndinati, "A Nabanda, tsiku lija la mvula lija." Sanafunse kuti liti. Ndinawauza zonse, za tcheni, za mlatho, za mawu a azamba. Ndinati, "Ndinakuchedwetsani ndine. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziwa. Mundikhululukire."

Anapitiriza kusenda. Mtedza utatu, unayi. Kenako anaika manja pa miyendo.

Anati, "Bambo, mimba inayamba kupweteka dzulo lake, masana, tili kumunda. Sindinakuuzeni. Pa mwana woyamba uja ndinapita msanga, anandibweza, amayi a m'mudzi anandiseka kuti ndine wamantha. Ndiye ndinati ndipirire, kuche. Tikananyamuka dzulo lakelo, mlatho unali usanamire."

Ndinasiya kusenda.

Anati, "Ine ndinkayesa mukudziwa. Ndinkayesa n'chifukwa chake simunenapo kanthu. Ndikamakuonani mukutuluka ndi njinga liwiro limene lija, ndinkati akuthawa kundiyang'ana."

Abale, zaka makumi awiri ndi ziwiri. Nyumba imodzi, mphasa imodzi, tchalitchi chimodzi chomwechi. Uyu wasenza mlandu akuti ndi wake, uyunso wasenza womwewo akuti ndi wake, aliyense akuopa mnzake. Tinkabwera muno Lamulungu lililonse, ine mbali ya abambo, iwo mbali ya amayi, tikumva za chikhululukiro, tikuvomera kuti ameni, n'kubwerera nawo katundu wathu kunyumba.

Ndinawauza kuti ine sindinawaimbepo mlandu, ngakhale tsiku limodzi. Iwo anati nawonso sanandiimbepo. Anati chimene amakumbukira pa tsiku lija ndi msana wanga pamene ndinkawaolotsa, madzi ali m'chiuno, ndikuwauza kuti gwiritsitsani. Tinapemphera pakhonde pomwepo, mwachidule, ine chikhalire poti kugwada sindikanatha. Sindinapemphe zambiri. Ndinati, Ambuye, mlandu uwu tausunga nthawi yaitali, sitikudziwa mwini wake, tengani.

Titatsegula maso anakokera lichero, tinayambanso kusenda. Patapita nthawi, osandiyang'ana, anati, "Anali mtsikana."

Sindinkadziwa. Sindinafunsepo.

Chikhakha anachotsa mwezi watha. Bondo likupindika theka. Njinga sindinayambe kukwera, dokotala akuti tidikire, ndipo sanalonjeze kuti ndidzanyamulanso matumba awiri. Mwina ndidzatero, mwina ayi. Sindinabwere kudzakuuzani kuti ndachira, mukuona nokha. Sindikunenanso kuti Mulungu anandigwetsa. Ndinadzigwetsa ndekha, ndi liuma langa. Koma nditagwa, Iye sanataye mpata. Anandikhazika pansi, poti choimirira sindikanamva.

Chidikiro chija chafika pa mawindo. Ndimapitako Lachiwiri ndi Lachisanu pa ngolo ya achimwene anga, amandipatsa mpando ndi hamala, ndimawongola misomali yakale. Njerwa zikufunikabe, mchenga ukufunikabe, manja akufunikabe. Amene muli ndi miyendo iwiri yabwino, mukudziwa kumene kuli.

Ndithokoze Mayi Chikopa, ngakhale sali pano, chifukwa cha funso limodzi. Ndithokoze ahedi, amene anabwera kudzandizonda kawiri, ndipo akuti agula njinga yawoyawo, yopanda magiya. Ndithokoze inu amayi amene munkatunga madzi kwathu, ndi abambo amene munandisosera munda wa kudambo osandiuza. Abusa, zikomo pondipatsa nthawi, ndadya yambiri.

Ndipo abambo anzanga, mawu amodzi okha. Pali zinthu zimene mwambo umati mwamuna safunsa. Kafunseni. Musadikire kuthyoka bondo.

Pomaliza, ndithokoze Mulungu. Zaka zonsezi munthu akandifunsa kuti muli ndi ana angati, ndinkati atatu. Dzulo tinakhala pansi ndi a Nabanda, tinaitana anyamata athu atatu aja, tinawauza kuti anali ndi mlongo wawo. Tamupatsa dzina. Ndi Mtendere. Sanakhale nafe ngakhale ola limodzi, koma ali kwa Atate, ndipo kuyambira lero m'nyumba mwathu azitchulidwa.

Maliro ake sanalire munthu, ndipo sindikupempha kuti mulire lero. Ndikupempha kuti mukondwere nafe. A Nabanda, taimirirani anthu akuoneni. Amayi, nthungululu zija zili kuti? Mpingo wonse, imikani manja, tithokoze Ambuye. Ine ndi a Nabanda tili ndi ana anayi.

Ameni.